Sakhwi ndi Masamba a Maliro

Kunali kale, koma osati kale kwenikweni, pakuti phula linali litathiridwa mumsewu ndipo nyama zinali zitatopa ndi kuyenda pansi. Zikuluzikulu zinagula magalimoto: Mvuu minibasi, Chipembere thiraki ya mchenga, Njati lole yaikulu yonyamula matabwa. Zing'onozing'ono zinapeza njinga, n'kumapalasa m'mphepete mwa phulalo, m'kampata kopapatiza ngati lamba, zitanyamula makala, nkhuni ndi apaulendo. Mwa opalasawo munali Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali ndi timiyendo tonga udzu, wa kabaza pa siteji ya pafupi ndi mlatho wa Kamphasa.

M'mawa wina, patangotha sabata ziwiri chiikire mkazi wake m'manda, Sakhwi anayedzeka njinga pa mtengo wa mango pamene Kakowa, wapolisi wa pamsewu, ankaima tsiku lililonse atavala zoyera mbee. Anavula chipewa, napereka moni, nanena kuti wabwera kudzaneneza Njati.

Anafotokoza mosakweza mawu. Lachiwiri lina ananyamula mkazi wake Nangondo pa kaliyala, dengu la tomato lili pamiyendo, akupita kumsika. Pamlatho, pamene mzere woyera suduka ndipo aliyense amadziwa kuti magalimoto sapitirirana, Njati anatulukira kutsogolo kwawo akupitirira minibasi ya Mvuu. Malo anachepa. Thabwa lotuluka m'mbali mwa lole linakola kaliyala. Tomato anamwazika mpaka tsidya. Sakhwi anadzuka, Nangondo sanadzuke, ndipo loleyo sinaime. Tsiku la maliro abale anayala masamba pamsewu monga mwa mwambo, kuti wodutsa adziwe kuti pamudzi pagwa zovuta, wa njinga atsike n'kukankha, wa galimoto achepetse liwiro n'kutseka wailesi. Lole yomweyo inadutsa ikuliza hutala, masambawo n'kuuluka ngati ziwala. Iye sankafuna zambiri. Ankafuna kuti nkhaniyi ilembedwe, ndi kuti Njati achoke pamsewu.

Kakowa anamvetsera ataima ndi mwendo umodzi. Kenaka anafunsa nambala ya galimotoyo. Sakhwi anati lole ya Njati palibe amene saidziwa.

"Buku langa silidziwa mphekesera, aphwanga," anatero Kakowa. "Limadziwa nambala."

Tsono Njati ndi matope n'chimodzi, ndipo nambala ya lole yake, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, inali itamatidwa matope chaka chonse.

Ku siteji, Gologolo, amene anali wapampando wa akabaza, anamutengera pambali. Anamuuza kuti azisiye, kuti akufa sabwerera, ndiponso anamufunsa ngati sanaonepo kumene Kakowa amadyera kadzutsa. Pamsana pa Njati pamakhala nkhupakupa zonenepa ngati nyemba, ndipo lole ikaima pamango paja, wapolisi amakwera pamsanapo n'kutsika atakhuta. Sakhwi anati wazionapo, napitiriza kupopa tayala lake.

Madalaivala ankaima pa tiyirumu ina ya pamphambano. Masana a tsiku lotsatira Njati anali pakhonde, kapu ya tiyi itabisika m'chiboda chake, pamene Sakhwi anakhala pansi pafupi ndi tayala la lole, n'kuyamba kuuza Gologolo, mokweza ndithu, za mphepo imene inatsika pachitunda dzulo lake. Anati sanaonepo liwiro lotero chibadwire. Mbalame zinatsalira m'mbuyo, mitengo inawerama, ndipo msika wonse ukuti a Chipembere ndiwo mwamuna pamsewu uno.

Njati anaika kapu pansi, nafunsa kuti mphepoyo inadutsa nthawi yanji. Atamva kuti dzuwa linali paliwombo, anafwenthera. "Ndinali ine."

"Pepani, achikulire," anatero Sakhwi. "Ife ang'onoang'ono timangoona fumbi. Tikati tiwerenge nambala kuti titame mwini wake, timapeza matope. Ya a Chipembere imawala, ndiye ulemu wonse ukupita kwa iwo. Kumsika ayamba kale kuwapekera nyimbo."

Njati anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Sakhwi anadikira kuti azindikiridwe. Sanazindikiridwe. Kwa Njati a njinga onse anali nkhope imodzi. Anangoitanitsa ndowa ya madzi ndi chiguduli, nagwada yekha m'fumbi, nakwecha nambala zonse ziwiri mpaka zinawala ngati mano. Sakhwi anatola khala, nalemba zilembo ndi manambalawo m'kati mwa chipewa chake, nathokoza mwaulemu, nanyamuka.

Kakowa anayang'ana m'chipewacho ndi diso lamanja, kenaka ndi lamanzere. Anavomera kuti nambalayo ndi nambala ndithu. Koma nambala, anatero, siipitirira minibasi pamlatho. Kuti alembe, ayenera kuona ndi maso ake. Sakhwi anamukumbutsa kuti pamango pano msewu ndi wowongoka, ndipo madalaivala amaphethirirana magetsi pochenjezana kuti wapolisi ali kutsogolo, kotero kuti onse amadutsa ngati akupita ku tchalitchi. Kakowa anati ngati zili choncho ndiye kuti msewu uli bwino. Sakhwi anapempha kukaonana ndi Njovu, mkulu woyang'anira misewu yonse. Kakowa anati njira yopita kwa Njovu imadzera pansi pa mango omwewo.

Sakhwi anavala chipewa chake. Atagwira kale mahandulo, ananena ngati akudziyankhulira kuti tsidya la mlatho dziwe likuphwa, ndipo tinsomba tikuphiriphitha m'matope popanda wotitola. Mwendo wachiwiri wa Kakowa unatsika pansi. Anatambasula mapiko, koma Sakhwi anamuchenjeza kuti choyera chikauluka chimaonekera kutali: akakowa onse a m'dambo amutsatira, ndipo a Njovu angamve kuti wapolisi wasiya ntchito masana. Bwanji akwere pa kaliyala, afunde chitenje, aoneke ngati mayi wopita kumsika?

M'kachikwama ka pansi pa chishalo munali chitenje cha Nangondo. Sakhwi anali asanachichape chiyambire tsiku lija. Anachigwira kanthawi asanachipereke.

Anapalasa pang'onopang'ono, kaliyala atalemeranso, nsonga ya chitenje ikuuluka m'mbali mwa diso lake. Sanacheuke. Kakowa ankadandaula za kuchedwa ndi za mabampu, Sakhwi n'kumayankha kuti tcheni chatha mafuta, koma makutu ake anali kutsogolo. Dzuwa litafika paliwombo anamva injini ija ikutsika chitunda cha tsidya. Anayandikira mlatho, ndipo lole inatulukira ili mbali yolakwika, ikupitirira thiraki ya Chipembere pa mzere womwe uja. Ulendo uno Sakhwi anali wokonzeka. Anakhotetsa njinga, nadumphira pa udzu. Kakowa anapitirira yekha, mutu patsogolo, mpaka m'ngalande.

Anatulukamo wakuda bii, akuliza wenzulo ngati wapenga, nauluka kuthamangira loleyo. Patali pang'ono mabuleki analira. Sakhwi anadzutsa njinga, napalasa ndi mtima wopepuka kuposa masiku onse a mwezi umenewo. Anapeza Njati atatsika, atatembenuza msana, ndipo Kakowa ali pamwamba, akutola.

Sakhwi anafunsa ngati abwana aona tsopano ndi maso awo.

"Ndinali nditafunda chitenje," anatero Kakowa, kukamwa kutadzaza. "Sindinaone bwino."

Njati anatembenuza mutu, ndipo ulendo uno anamuyang'anitsitsa. "Ndiwe uja wa nambala. Tsiku lina ndidzakupeza pamlatho."

"Munandipezapo kale, achikulire."

Sakhwi anabwerera ku ngalande, navuula chitenjecho m'matope. Sikukanatheka kuchisunga chotero. Anatsikira kumtsinje, nachichapa, nachiyanika pamwala, nakhala pambali pake mpaka chinauma. Chinkanunkha madzi okha.

Wa kabaza amamva zonse, chifukwa munthu akakhala kumbuyo kwa mnzake pakamwa pamamasuka. Sabata yotsatira Sakhwi ananyamula Nungu, namwino wobaya jakisoni, amene akabaza ena ankamuthawa chifukwa cha minga yake. Anamupereka ku nyumba yaikulu ya kunsi kwa chitunda, m'mphepete mwa msewu womwewo, kumene kunkakhala mayi ake a Njovu. Pobwerera Nungu anausa moyo, nati gogoyo mwezi uno sautha. Sakhwi anapalasa mtunda wonse mphuno yake ikugwedera uku ndi uku, monga inkachitira akamaganiza.

Panali chinthu china chimene anali atachiona kalekale. Njati sankanyoza maliro onse ayi. Ankayang'ana kukula kwa masamba. Timasamba ta ang'onoang'ono ankatiponda, koma akaona nthambi zazikulu, zimene wamphamvu yekha angathyole, ankakhala mkhristu.

Madzulo a tsikulo Sakhwi anauza anzake pa siteji kuti akufuna ayale nthambi zazikulu pamsewu popanda maliro, kuti Njati alaweko kuyenda kumbuyo kwa njinga. Zinazo sanawauze. Gologolo anati zimenezo ndi malodza, kuti woyala masamba popanda mtembo akuitana imfa.

"Pamsewu uno imfa sidikira kuitanidwa, achimwene," anatero Sakhwi.

Ena anakwera njinga zawo n'kuchoka. Asanu ndi atatu anatsala, ndipo aliyense wa iwo anali ndi chipsera chake, wina pabondo, wina pamtima. Gologolo anatsalanso, akung'ung'udza, ati kuti aone mapeto a uchitsiru.

Otsalawo anapita kuchigwa kopanda nyumba, natafuna nthambi ziwiri za mkuyu mpaka zinagwa, nazimanga ku njinga ndi malegeni, nazikoka onse pamodzi. Ina anaipingasa kuno, ina kutali uko. Dzuwa litafika paliwombo lole inabwera ikubangula, ndipo itaona nthambi inakhala chete ngati mwana wogwidwa m'nkhokwe. Wailesi inatsekedwa. Chipewa chinavulidwa. Kutsogolo kwake, pakati penipeni pa phula, a njinga khumi ankakankha njinga zawo, mitu itawerama, mapazi akukwakwaza. Sakhwi anabisala pakati pa anzake. Njati anasuzumira pawindo, nafunsa monong'ona kuti watisiya ndani. Gologolo, amene mantha ake anali atasanduka luso, anayankha kuti ndi wamkulu, wamkulu kwambiri, koma dzina silinaloledwe kutchulidwa. Njati anagwedeza mutu mwachisoni. Anakwawa kumbuyo kwawo mtunda wonsewo, injini ikutentha, ntchentche zikumupitirira. Atafika pa nthambi yachiwiri, a njinga anakwera onse nthawi imodzi, naliza mabelu, namwazikira m'tinjira ta m'thengo mmene lole singalowe.

Patapita masiku atatu nthambi zinapezekanso, malo ena, zokulirapo. Njati anakayika, phazi lake linazengereza pakati pa mabuleki ndi moto. Koma kuseri kwa tchire kunkafuka utsi ngati wa ophika pamaliro, ndipo kunkamveka nyimbo yachisoni. Anavulanso chipewa. Ulendo uno Sakhwi anayenda pafupi ndi chitseko chake, akutsogolera nyimboyo ndi kamawu kake kopyapyala. Njati anamvetsera mwaulemu ndime yoyamba. Pa ndime yachiwiri anazindikira kuti mawu ake sanali a m'buku la nyimbo. Anali kutchula malo: pamlatho, pakhonde la sukulu, pamphambano, pa chigayo, ndi mayina a amene anagundidwa pamalo aliwonse. Asanatsegule chitseko, oimba onse anali atalowa m'udzu.

Ku tiyirumu nkhaniyo inafika iye asanafike. Chipembere anamulandira atavula chipewa, namufunsa ngati maliro a chulu anayenda bwino. Mvuu anaseka mpaka benchi linathyoka. Ulendo wachitatu Njati anangochepetsa pang'ono, koma kuchepetsako kunakwanira kuti mabelu amulirire, ndipo tsiku limenelo analumbira pamaso pa madalaivala onse, atagwira nyanga zake, kuti akadzaonanso nthambi pamsewu, ngakhale utakhala mtengo wathunthu, adzadutsa pamwamba pake hutala ikulira.

Koma si Njati yekha amene ananyengedwa. Pa ulendo wachitatuwo amayi awiri a m'mudzi wapafupi anabwera ndi timbale ta ufa, atamanga mipango, akufunsa kuti siwa ili kuti. Anabwerera ndi ufa wawo. Gologolo anati basi, zakwana, iye sadzakokanso nthambi. Anadabwa kumva Sakhwi akuvomera msanga kuti zakwanadi.

Lolemba Njati anapita kumapiri kukatenga matabwa, ulendo wa masiku anayi, kumalo kosafika uthenga. Lachiwiri mayi ake a Njovu anamwalira. Mwambo woika unakonzedwa Lachinayi, kuti abale akutali afike.

Njovu zinathyola nthambi zonga mitengo, n'kuyala pamwamba pa chitunda ndi kunsi, kupitirira nyumba. Nyama zonse zinabwera. Akuluakulu anakhala pamipando pabwalo, moyang'ana msewu, ndipo Kakowa, atachapa zoyera zake, ankayendayenda akulozera magalimoto poima. Chakumasana Sakhwi anapempha akabaza kuti andande njinga zawo mbali zonse ziwiri za phula, ngati mpanda, ndipo asalole aliyense kudumpha msewu. Anati ndi ulemu kwa malemu. Gologolo anayang'ana mpandawo, nayang'ana dzuwa, nayang'ana kuchitunda.

"Mphwanga," anatero motsitsa, "iwe unkadziwa."

"Gwirani ana asalowe mumsewu, achimwene."

Sakhwi anakankha njinga yake kukwera chitunda, naima pambali pa nthambi zoyamba, chipewa chili kumutu, kanthambi kali m'manja.

Njati ankabwera atatopa, wailesi ili pamwamba. Magalimoto awiri ochokera kumaliro anamuphethirira magetsi mobwerezabwereza. Iye anaganiza kuti akumuuza za Kakowa, nadzikanda pamsana, naseka. Kenaka anaona nthambi. Zinali zazikulu kuposa zonse zimene anazionapo, ndipo phazi lake linayamba lokha kufunafuna mabuleki. Apo m'pamene anaona kanyama ka mphuno yaitali kataima m'mbali. Sakhwi anakweza kanthambi kake mwaulemu, naliza belu kamodzi.

Lole inathyola nthambizo ngati mapesi. Inatsika chitunda hutala ikulira osadukiza, wailesi ikuimba za kumowa, pa nthawi imene bokosi linali litangotulutsidwa m'siwa ndi kuikidwa pabwalo kuti abale atsanzike. Fumbi lofiira linakwera, n'kugwera pa bokosi, pa nkhata za maluwa, pa mlaliki amene anali atatsegula pakamwa. Nyimbo inadukira pakati. Pamene mphepo inang'amba fumbilo, Njati anaona makutu. Makutu aakulu, ochuluka, onse atatambasuka.

Mabuleki analira nthawi yaitali. Lole inaima pafupi ndi nthambi zakunsi, ndipo akabaza, popanda wowauza, anagoneka njinga zawo pa phula kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Wailesi inaimbabe kanthawi mpaka chiboda cha Njati chinaipeza.

Njovu anaimirira pang'onopang'ono, nayenda kufika pamsewu. Kakowa anatera pambali pake, ndipo pakamwa pake, pozolowera, panayamba pokha kunena kuti fumbi linachuluka, sanaone bwino.

"Ine ndaona," anatero Njovu.

Sakhwi anafika akukankha njinga, chipewa chili m'manja tsopano. Anagwada, napepesa anamfedwa, napempha kuneneza dalaivala. Anawerenga nambala ya m'chipewa, ndipo onse anaiona kuti ndi yomweyo, pakuti Njati ankaikwechabe m'mawa uliwonse. Anatchula za lero, za pamlatho, ndi za masamba a maliro a mkazi wake. Atamaliza, Gologolo anatchula zake, wina zake, winanso zake, ndipo ngakhale Mvuu, ataona kumene mphepo ikulowera, anakumbukira mwadzidzidzi zimene anaona Lachiwiri lija pagalasi la minibasi yake. Njovu anatambasula chitamba, nalandira makiyi ndi laisensi. Anati mlandu ukhala pambuyo, ayambe waika mayi ake. Anabwerera pabwalo, napukuta yekha fumbi pa bokosi ndi nsonga ya chitamba. Sakhwi anaona zimenezo, ndipo anayang'ana pansi.

Mlandu unakambidwa anamfedwa atameta. Sunatenge nthawi. Laisensi ya Njati inang'ambidwa pamaso pa onse, lole inalandidwa, ndipo anauzidwa kuti za imfa ya pamlatho akayankha ku bwalo lalikulu, ndipo akadzatuluka adzayenda pansi moyo wake wonse. Kakowa analandidwa wenzulo ndi buku, nauzidwa kuti poti amakonda msana wa mnzakeyo, azimutsata kulikonse kumene apite. Akumutsatabe mpaka lero.

Akabaza anayamba kuimirira, koma Njovu anati mlandu sunathe. Njati, podziteteza, anali atanena za nthambi zabodza za maulendo atatu aja. Amayi a timbale ta ufa anali atachitira umboni. Nungu anali atakumbukira amene anamunyamula, ndi zimene ananena ali pa kaliyala. Njovu anaitana Sakhwi kuti aime pakati.

"Unkadikira imfa ya mayi anga."

"Eya, bwana."

"Fumbi lija unaliitana ndiwe."

Sakhwi anaima mowongoka, ngakhale kuti kuwongoka kwake konse sikunafike pa chikhadabo cha Njovu. "Ndinabwera ndi nambala, sinakwane. Ndinabwera ndi maso a wapolisi wanu, sanakwane. Anatsala ndi maso anu, ndipo maso anu amaona masamba aakulu okha. Za amayi pepani, sanandilakwire kanthu. Koma mutandibweza m'mbuyo, ndikhoza kuyalanso."

Gologolo anatseka maso. Njovu anafunsa dzina la mkazi wa Sakhwi.

"Nangondo."

Njovu anatenga buku lija la Kakowa, natsegula tsamba loyera, nalemba dzinalo yekha, ndi tsiku, ndi malo. Anaonetsa Sakhwi kuti aone ngati walemba bwino. Sakhwi anawerenga kawiri, nati zili bwino.

Kenaka Njovu anagamula. Anati masamba a pamsewu ndi mawu a anthu amene pakamwa pawo patsekedwa ndi chisoni, ndipo kuyambira tsopano wodutsa aliyense akawaona ayamba wadzifunsa ngati ndi oona. Chimenecho Sakhwi wachiba kwa amasiye onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Choncho amene anaseweretsa masamba pa phula sadzapalasanso pa phula.

Akabaza anang'ung'udza, ena anayamba kukweza mawu, koma Sakhwi anawakwezera dzanja. Anathokoza bwalo, nakankha njinga yake kufika pamene panali Gologolo, namugwiritsa mahandulo. Anamuuza kuti buleki yakumbuyo imachedwa kugwira, ndi kuti aliyense woikwera azikumbukira zimenezo potsika chitunda. Gologolo anafunsa kuti nanga azidya chiyani, aziyenda bwanji.

"Ndi miyendo, achimwene, monga a Njati," anatero Sakhwi. "Koma ine ndine wopepuka."

Apo anaseka, koyamba chiyambire Lachiwiri lija, kaseko kakafupi kotulukira m'mphuno. Anadumpha ngalande, nalowa m'udzu.

M'udzumo analambula tinjira take take, topapatiza, topanda hutala, ndipo amathamangamo liwiro limene njinga singalifike. Mukapeza kanjira ka sakhwi, kayang'anitsitseni. Simudzapezamo tsamba ngakhale limodzi. Likangogwa, iye amabwera n'kulikankhira pambali ndi mwendo, n'kupitiriza ulendo. Ena amati n'kulapa. Gologolo, amene ankamudziwa bwino, ankati ayi, masambawo akungowasunga pambali, poti madalaivala pamsewu sanathe.